A Kawerenga ndi thaulo la mlamu wawo

A Kawerenga ankagwira ntchito pa famase, kuseri kwa kauntala yagalasi. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, chifukwa sankadya kanthu ka m'paketi asanawerenge tizilembo ta kumbuyo. Munthu ukawagawira bisiketi, ankayamba atembenuza paketi n'kukuuza kuchuluka kwa shuga ndi mchere mpaka njala kukuthera.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankalembera makalata makampani opanga tokazinga ta m'mapaketi timene ana amagula pa geti la sukulu. Ankalemba Lamlungu masana pa tebulo lodyera, masamba atatu kapena anayi, kutchula mayina a utoto ndi mafuta, n'kufunsa chifukwa chothirira zochuluka chotero. Yankho linabwera kamodzi kokha, kakalata kowathokoza poti amakonda zinthu za kampaniyo.

Mkazi wawo anali ndi mng'ono wake woluka tsitsi pa saluni. Mlamu wawoyo tokazingato sankatisiya, ankatafuna tsiku lonse podikira makasitomala. Tsiku lina anapukutira zala pa thaulo loyera, ndipo utoto wofiira unakana kuchoka ngakhale ataliviika m'sopo masiku awiri. Analijambula pa foni n'kutumiza pa tsamba la pa intaneti la kampani yopanga tokazingato ndi mawu ochepa: "Thaulo lakanika kuyera. Nanga m'mimba mwa mwana wanga akachapamo ndani?"

Pofika Lachisanu chithunzicho chinali chitafalikira paliponse. A kampani anamuimbira, anatumiza galimoto kudzamutenga pa saluni, ndipo patapita miyezi itatu analengeza kuti asintha utoto.

A Kawerenga anayamba kudandaula. Ankauza mkazi wawo kuti mng'ono wakeyo ngakhale dzina la utotowo sangalitchule, pomwe iwo analilemba kalekale m'kalata, n'kulidula mzere kunsi.

"Bambo, inu munkafuna kuti utoto uchoke, kapena munkafuna galimoto?" anafunsa mayiwo.

Iwo anangodzuka n'kupita panja kukathirira maluwa omwe anali atathiriridwa kale.

Kuntchito ndiye kunali kowawa. Makasitomala ankafunsa ngati n'zoona kuti mayi wa thaulo uja ndi m'bale wawo. A Kawerenga anasiya kudutsa msewu wa saluni, n'kumazungulira kwa omata matayala. Mlamu akabwera kudzacheza, moni ankayankhira kuseri kwa nyuzipepala.

Mlamuyo anazindikira. Tsiku lina anafika pa famase ndi kakadi kokhala ndi nambala ya bwana woona zosakaniza ku kampani kuja.

"Alamu, ine ndimadziwa tsitsi basi. Mchere uja sanauchepetse, ndipo akandifunsa zakuya ndimangoseka. Aimbireni ndinu."

A Kawerenga anamuuza kuti akasiye pa kauntala, atanganidwa. Kakadiko kanakhala pansi pa botolo la mankhwala a chifuwa sabata ndi theka. Kenako anakatenga pa nthawi ya nkhomaliro, n'kukaimbira m'chipinda cha katundu, pakati pa makatoni. Anafotokoza kuti ndi iwo akhala akulemba makalata zaka zonsezi. Bwanayo, yemwe anali mayi, anati makalatawo sakuwakumbukira, n'kufunsa kumene atenga nambala. A Kawerenga anayankha motsitsa mawu.

"Kwa mayi wa pa saluni uja. Ndi mlamu wanga."

Mawu a bwanayo anafewa pomwepo, ndipo anawauza kuti abwere Lachiwiri. Anapita pa basi, atapanira fayilo m'khwapa. Bwanayo anawamvetsera ola lathunthu, akulemba zina, n'kulonjeza kuti za mcherezo aziunika.

Masiku ano akamasimba nkhaniyi amati kampani inachita kuwaitana, ndipo mkazi wawo amangoyang'ana kudenga. Mlamu wawo sanamuthokozebe. Amati akudikira kaye aone ngati mcherewo uchepedi.