Tcheni cha kasinja chimene ndinagula motchipa

Izi si zongomva, anzanga, ndipo wokayika abwere adzaone mmene ndimapondera phazi lamanzereli. Masiku amenewo ndinkagula zitsulo zakutha n'kumagulitsa kwa osula makasu mumsika wa Lilongwe, ndipo ndinkadzitama poyera kuti pa malonda palibe munthu kapena chitsulo chondigonjetsa ine. Lilongwe yake inali ija yokoma, yoti umawoloka msewu uku ukukukuta chimanga chootcha, popanda galimoto yokuimbira hutala.

Tsiku lina anandiitana bambo ena achikulire akumpoto, opuma pantchito ya boma, okhala ku Area 14. Kuseri kwa nyumba yawo kunali chitcheni cha kasinja, galimoto yankhondo ija yoyendera pa matcheni, chokulungidwa ngati mphasa, msinkhu wake wofika m'chiuno. Anati chinachokera ku Mozambique nkhondo itatha, anachigula kuti achiyale pamatope polowera galimoto, koma mayi akunyumba anachikana kuti chikuipitsa pakhomo.

Nditachizungulira ndinaona kuti zidutswa zake n'zolumikizidwa ndi mapini ataliatali opanda nati, oti ukawakoka ndi dzanja akusuntha, ndipo mumtima ndinati apa ndiye pogwira. Ndinawauza kuti katundu wawo ndi wogwedera. Iwo anaseka, nati ndi mmene anachipangira, chifukwa kasinja akamayenda pini imasololoka yokha, koma pathupi pake pali kachitsulo kamene kamaimenya n'kuibwezera mkati ikamadutsa. Anati chilombo chonse chija chosaopa chipolopolo, pini imodzi ikatuluka chimangokhala pansi ngati nkhuku yofungatira, ndipo poti kasinjayo palibe, ndimange mapiniwo ndi waya. Ine chimene ndinamvapo n'choti avomera kuti n'chogwedera, basi mtengo ndinaugwetsa mpaka anapukusa mutu n'kundigulitsa.

Waya? Ndani anali ndi nthawi ya waya? Ine ndi anyamata aganyu tinachikankhira pa matabwa mulole imene ndinabwereka, ine n'kukhala kumbuyo komweko nditatsamira kumutu kwa lole, chitchenicho chili kumapazi kwanga, ndikugwedezera dzanja aliyense ngati phungu. Titangolowa m'mabampu ndinaona pini imene inakola kumapeto kwa mpukutuwo ikutuluka pang'onopang'ono ngati nyongolotsi. Ndinamenya denga la lole kuti dalaivala aime, iye n'kuganiza kuti ndikumufulumizitsa. Ndinavula nsapato n'kuyamba kuimenya pini ija, ikalowa n'kutulukanso, ikalowa n'kutulukanso, mwamuna wamkulu ndasanduka kachitsulo ka kasinja, thukuta lili kamukamu.

Potsetsereka kupita pa mlatho wa Lilongwe dalaivala anaponda mabuleki, pini inagwa, ndipo chinthu chija chinafunyululuka kubwera kwa ine ndi phokoso loti mpaka lero ndikamva geti lachitsulo likutsekedwa ndimalumphira pambali. Ndinalumphira pa zitsulo za kumutu kwa lole, thupi linapulumuka, koma phazi chinalipeza.

Bambo aja anabwera kudzandiona kuchipatala atanyamula malalanje, za waya sanatchuleko, anangofunsa mwaulemu ngati mtengo uja ndinali wokhutira nawobe. Ndinaseka mpaka bandeji inandipweteka.

Lero ndimakhulupirira kuti chilema chimene watsitsira nacho mtengo chimakwera nawe limodzi mulole, choncho wogulitsa akayamba kukufotokozerani pamene pali pofooka, tsekani pakamwa mumve. Chitchenicho osula anachilimbirana ngati mandasi otentha, makasu ake mwina akulimabe kumidziku, bambo aja pakhomo pawo panayera, ine ndikutsimphina. Ndiye inuyo mundiuze, malonda amene aja anapambana ndani?