Bambo Anga ndi Mapiritsi a Ufa

Bambo anga anagwira ntchito zaka makumi atatu m'chipinda chopanda windo, kupotokola timabawuti. Ndikatero anthu amayesa ndikuwanyoza, koma ntchito yake inalidi imeneyo. Chipindacho chinali pansi penipeni pa nyumba ya kafukufuku ya payunivesite. Pakati pake panali tebulo lachitsulo lalikulu kuposa bedi, lodzaza ndi timagalasi tating'ono ngati mabatani a jekete. Nyali ya leza inkatulutsa kuwala kofiira, kowongoka ngati ulusi, ndipo kuwalako kunkayenera kudumpha kuchoka pa kagalasi aka kupita pa ako mpaka kukalowa m'kabotolo momwe munali maatomu, tizidutswa tosaoneka ndi maso tomwe timapanga chinthu chilichonse. A pulofesa ankati kuwala kumeneko kumaziziritsa maatomuwo mpaka kungotsala pang'ono kuima phee, kuti awayeze bwino. Ine maatomu sindinawaonepo. Bambo nawo sanawaonepo ndi maso, koma ankawakamba ngati ana ofatsa a nyumba yoyandikana nayo.

Kagalasi kamodzi kakapendekeka, ngakhale pang'onong'ono, kuwala kunkasochera ndipo a pulofesa ankangoyeza mphepo. Apa m'pamene pankafunika bambo. Anthu a madigiri atatu ankalimbana ndi galasi limodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu. Bambo ankabwera, n'kugwira kabawuti kowongolera galasilo ndi zala ziwiri, n'kupuma kamodzi, basi kadontho kofiira kakhala pamalo pake. Kuntchito konse ankawatcha a Kalilole, ndipo ena mpaka lero sadziwa kuti anali ndi dzina lina.

Kunyumba munthu wotere amatopetsa. Tebulo lathu lodyera linali ndi kapepala kopinda kunsi kwa mwendo umodzi, ndipo mayi akakasesa mwangozi, palibe ankadya mpaka bambo apinde kena. Chilichonse ankayeza katatu. Ankati kamodzi ndi mphekesera, kawiri ndi mkangano, katatu ndiye muyeso. Nditayamba ntchito yoluka tsitsi pa saluni, anabwera tsiku lina kudzandiona. Anayang'anitsitsa mutu wa kasitomala wanga, n'kundiuza mwiniwake akumva kuti mzere wachitatu wapita kumanzere. Kasitomalayo sanabwerenso. Chomwe chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti mzerewo unalidi utapita kumanzere.

Amene anayamba kuzindikira vutoli ndi mayi. Anati supuni ikulira m'kapu ya tiyi chonsecho bambo sakutakasa. Dzanja lamanja linali litayamba kunjenjemera, pang'ono chabe, ngati likukana chinthu mwaulemu. Bambo analibisa m'thumba la buluku miyezi inayi, mpaka tsiku lina kuntchito anagwetsa kagalasi, koyamba m'moyo wawo. A pulofesa anatola okha zidutswa n'kunena kuti magalasi amasweka, si nkhani. Bambo anafika kunyumba, n'kukhala pakhonde osavula nsapato, chakudya osachikhudza.

Amene ndinawaperekeza kuchipatala ndine. Dokotala wake anali mayi wamfupi wolankhula mosathamanga. Anati matendawa sachizika, amangokula pang'onopang'ono, koma njira zilipo ziwiri. Pali mapiritsi akale omwe amatontholetsa dzanja kwa zaka zingapo, kenako mphamvu yake imayamba kuchepa. Palinso kafukufuku wa mankhwala atsopano omwe akuganiziridwa kuti angaimitse matendawo pomwe afika. Wolowa kafukufukuyo amakhala chaka chathunthu osamwa akale aja. Theka la anthu limalandira mankhwala enieni, theka lina mapiritsi a ufa chabe, ofanana mtundu ndi kukula komwe, ndipo palibe amadziwa kuti ali m'gulu liti, ngakhale dokotalayo. Chaka chikatha, mankhwala akapezeka kuti akugwira ntchito, onse amapatsidwa enieni. Anabwereza kawiri kuti munthu ali ndi ufulu wotuluka tsiku lililonse.

Ine ndinati fodya wako ndi amene ali pamphuno, titenge akalewo tizipita. Bambo sanandicheukire n'komwe. Anafunsa kuti anthu alipo angati, amawagawa bwanji, nanga mndandanda wake amasunga ndani. Atamva kuti amawagawa ndi kompyuta ndipo mndandandawo umatsekeredwa kutali komwe dokotala safikako, nkhope yawo inawala ngati apeza wachibale kuchilendo. Anasaina, dzanja lamanzere litagwirizira lamanja.

Komano bambo anga sakanatha chaka chonse osadziyeza. M'mawa uliwonse anzawo asanafike, ankamata kagalasi pa chikhadabo cha chala chachikulu, n'kuunikapo kuwala kofooka, kadontho n'kukagwera kukhoma komwe anamatako pepala la timabokosi. Dzanja likamanjenjemera, kadontho kankavina. Iwo ankawerenga timabokosi tomwe kadumpha, katatu, n'kulemba m'kope. Mwezi woyamba tinali tinayi. Mwezi wachitatu tisanu ndi tiwiri. Pofika pakati pa chaka tinakwana khumi.

Zimenezi ndinazidziwa Loweruka lina masana atandiitana kuntchito kwawo. Anandiveka magalasi oteteza maso, n'kuzimitsa magetsi. Tinaima awiri mumdima kuonerera kadontho kofiira kakuthamanga uku ndi uku ngati nyerere yosokonezedwa njira.

"Mwana wanga, ine ndili m'gulu la ufa," anatero, ndi mawu omwe munthu amakuuzira kuti basi yadutsa kale.

Ndinati ndiye tulukanimo Lolemba lomwe, mukatenge mapiritsi akale dzanja lisanatheretu. Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo, zina zosayenera mwana kwa bambo ake. Ndinati akuuma mutu, ndinati akupereka dzanja lawo kwa anthu omwe sadzawathokoza, ndinati mayi atopa kumanga mabatani a malaya a munthu wamkulu. Anandisiya ndimalize. Kenako anayatsa magetsi n'kundilozera timabotolo tiwiri pa tebulo lija, kena kokhala ndi maatomu, kena kopanda kanthu. Anati m'chipinda muno chilichonse chimayezedwa m'timabotolo tonse tiwiri, chifukwa kopanda kanthuko ndi komwe kamakuuza ngati zomwe waona m'kanzake zili zoona. Pa zaka makumi atatu anakalipirapo anthu ambiri ophunzira kuposa iwo chifukwa chodumpha botolo lopanda kanthu.

"Chaka chino botolo lopanda kanthu ndine," anatero. "Ndikatulukamo, anzangawo awayerekeza ndi ndani?"

Anali atawerengera kale zonse. Anati chaka chikamatha timabokosi tidzakhala khumi ndi tisanu, ndipo pamenepo munthu angathebe kugwira kabawuti atatsamiritsa chigongono pa kathumba ka mchenga. Kenako adzalandira mankhwala enieni, matenda adzaima pomwepo, iwo n'kumaliza zaka zinayi zomwe zinawatsalira kuntchito. Ndinafunsa ngati dokotala akudziwa za kopelo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati dokotala sayenera kudziwa gulu la munthu, akadziwa ayamba kuyeza ndi chisoni.

Ndiye anapitiriza. Seveni koloko m'mawa uliwonse ankati akumwa ufa wawo, ndipo mayi ankati ufa umenewo akanakhala akuusunga bwenzi pano ataphika keke. Tiyi mayi ankawathirira theka la kapu kuti asatayike. Kuchipatala nesi ankawajambulitsa mzere wozungulira ngati chigoba cha nkhono. Pobwerera ankandiuza kuti muyeso wa nesiyo ndi mphekesera, koma mwezi wotsatira ankakajambulanso mosamala. Kuntchito a pulofesa anawaikira mpando pafupi ndi tebulo lija. Ankakhala pamenepo dzanja lili m'thumba, n'kumauza anthu a madigiri kuti kumanja pang'ono, mwapitirira, bwererani. Ntchito yomwe ankaichita popuma kamodzi inkatenga ola lathunthu, iwo akuonerera. Sanadandaulepo, koma ine ndinkaona mmene zala zawo zinkayendera m'thumbamo.

Chaka chinatha timabokosi tili khumi ndi tisanu ndi kamodzi. Bambo anapepesa kuti anaphonya ndi kamodzi. Patapita miyezi iwiri, dokotala anatiitana. Bambo anavala jekete lawo labwino, kope lili m'thumba lamkati, ndipo m'basi anandiuza kuti kathumba ka mchenga asoketsa kale.

Dokotala anatipatsa mipando, n'kutseka chitseko yekha. Anati kafukufuku watha ndipo mndandanda watsegulidwa. Mankhwala atsopano aja sanathandize: omwa enieni ndi omwa ufa, manja awo anaipa mofanana. Palibe chomwe chigawidwe. Kenako anayang'ana pa pepala lake.

"Bambo, inu munali m'gulu la mankhwala enieni. Kuyambira tsiku loyamba."

 Chomwe chinkamveka m'chipindamo ndi batani la jekete la bambo likugogoda pa mkono wa mpando. Ine ndinkafuna kugubuduza tebulo, kung'amba mapepala, kufunsa mayi ameneyo kuti chaka cha bambo anga achibweza bwanji. Koma bambo anafunsa kuti anthu omwe anatuluka pakati pa chaka anali angati. Dokotala anati anali ochepa kwambiri.

"Ndiye kuti yankholi ndi lodalirika?"

"Ndi lodalirika, bambo."

Bambo anagwedeza mutu ngati munthu amene telala wamusokera bwino. Anati kudziwa kuti chinthu sichigwira ntchito nakonso ndi kudziwa, ena sadzatayanso chaka chawo. Dokotala anawalembera mapiritsi akale aja, koma tonse atatu tinkadziwa kuti pomwe dzanjalo linali litafika, ngakhale litonthole bwanji, silidzabwereranso pa kabawuti.

Tisananyamuke, bambo anatulutsa kope lija n'kulipereka kwa dokotala, kuti mwina manambalawo angathandize wina. Anapepesa kuti analibisa. Dokotala anatembenuza masamba, tsiku lililonse manambala atatu, zilembo zikunka zikhotakhota mpaka tsamba lomaliza. Ndiye bambo anaona pachikuto, pomwe analembapo mwezi wachisanu ndi chimodzi uja ndi zilembo zikuluzikulu kuti GULU LA UFA. Anati ayi, kope silingaperekedwe lili ndi bodza. Kuyeza anayeza bwino, cholakwa chawo n'chakuti anagamula mlandu mboni ina isanalankhule.

Anapempha cholembera kuti afufute mawuwo. Anachigwira, n'kutsamiritsa chigongono pa tebulo, n'kupuma kamodzi monga ankachitira pa timagalasi tija. Cholembera chinangoyendayenda m'mwamba, osafika pa pepala. Anayesa katatu. Kenako anandipatsa ine, osandiyang'ana.

Ndinadula mawuwo ndi mzere umodzi, misozi ili m'maso moti pepala sindinkaliona bwino. Bambo anakokera kopelo kwa iwo, n'kuuyang'anitsitsa mzerewo.

"Wapita kumanzere," anatero. "Koma usiye choncho, mwana wanga."