Chaka Chimene Ndinkaimba M'bokosi la Tiyi

Linali bokosi la tiyi, la matabwa opyapyala aja, m'kati mwake atamatamo chipepala chonyezimira. Aphunzitsi anakalipempha ku fakitale chifukwa linali litang'aluka pakona. Analikuta ndi chikopa cha mbuzi pamwamba, nalipaka mwaye ndi dothi lofiira, kenaka anatiuza kuti kuyambira tsiku limenelo si bokosinso, koma ng'oma. Mpaka lero ndikamva fungo la masamba a tiyi ouma, mawondo anga amafuna kupindika okha.

Wolowamo ndinali ine. Si kuti mawu anga anali okoma kuposa a anzanga. Ndinali kamtsikana kochepa thupi kuposa ana onse a pasukulu ya pa esiteti, choncho ndinkakwanamo bwino.

Inali nyengo yachisanu, tiyi atamudulira, minda yonse ili mbuu ngati mitu yometa. Chiperoni chinkabwera m'mawa n'kukhala mpaka masana, osagwa ngati mvula, osachoka. Nthawi imeneyo ntchito inkachepa, ndipo anthu a m'malaini, momwe munali nyumba za antchito, ankangoyendayenda, manja ali m'khwapa. Aphunzitsi athu anali mnyamata wosakhazikika, wobwera kumene kuchokera kumishoni. Anaganiza zoti pa tchuthi atenge ana ochepa, tiziyenda m'masukulu ndi m'matchalitchi, tizichita sewero.

Sewerolo analitenga ku nthano yodziwika kwa aliyense: mtsikana abwerera kumtsinje kukatenga mkanda umene waiwala, chimphona chimugwira n'kumutsekera m'ng'oma, kenaka chiyenda naye mudzi ndi mudzi, kumuimbitsa kuti anthu azichipatsa chakudya. Koma zotheka pakamwa sizitheka pabwalo. Aphunzitsi anaidula nthanoyo, naisokanso mwina. Mtsinje unasanduka nsalu ya biriwita yogwedezedwa ndi ana awiri. Njuchi zimene zimaluma chimphona pomaliza zinasanduka anyamata atatu okhala ndi timitengo. Midzi yambirimbiri ija inatsala itatu basi. "Nthano ili ndi miyendo yaitali," ankatero, "koma bwalo lathu n'lalifupi."

Vuto linali chimphona. Panalibe mwana woti n'kusenza bokosi, ine ndili m'katimo. Masiku omwewo kunabwera amalume kuchokera kwawo ku Nsabwe, ati kudzationa. Anali munthu wamtali, wosakonda kuseka, amene sanaimbepo ngakhale m'tchalitchi. Tsiku lina anapita okha kwa aphunzitsi, anacheza nawo nthawi yaitali kuseri kwa sukulu, ndipo pobwera anali atavomera kukhala chimphona. Anthu anadabwa. Ine ndinanyada.

Kunyumba zinthu sizinali m'malo mwake, ngakhale kuti ine ndinkaona ngati chikondwerero. Bambo anali atapita ku Halale ndili wakhanda, ndipo mbiri yawo inali itasiya kumveka. Amayi ankatchola tiyi, koma nyengo imeneyo sankakhala pansi. Anakumba chinangwa chonse chisanakhwime, n'kuyanika makaka padenga pomwe dzuwa kunalibe. Anapha nkhuku imene inkaikira mazira, popanda mlendo aliyense. Kapitawo wa pa esiteti anabwera kawiri, akuima chapatali pabwalo, chipewa osavula, ndipo akachoka amayi ankasesanso pamene asesa kale. Usiku ndi usana amayi ankalankhula ndi amalume m'Chilomwe chothamanga, chimene ine ndinkangotolapo mawu amodziamodzi.

Amayi anga sankandilola ngakhale kupita ndekha kumtsinje. Koma aphunzitsi atabwera kudzandipempha, sanawalole n'komwe kumaliza mawu.

"Mtengeni, aphunzitsi. Akaone dziko."

Dzikolo sindinalione kwenikweni. Panjira ndinkayenda ndi miyendo yanga monga anzanga, maso ali pansi chifukwa cha matekenya. Tikayandikira malo ochitira sewero, ankandilowetsa m'bokosi anthu asanandione, kuti ng'oma ikayamba kuimba adzidzimuke. Choncho malo onsewo ndimawakumbuka ndi makutu ndi mphuno. M'malaini a esiteti yoyandikana nafe munkamveka utsi wa nkhuni za bulugama ndi ana otsokomola. Ku Chimaliro amayi ena anakwiya ndi chimphona mpaka kugenda amalume ndi makoko a nthochi, ndipo khoko limodzi linagunda pabokosi, phwa, pafupi ndi khutu langa. Ku Mphuka mkulu wina anaimirira pakati pa sewero n'kudzudzula aphunzitsi kuti nthano sanena masana, ndiponso saivekera ana zigoba kumaso. Aphunzitsi anapepesa mwaulemu, mkuluyo anakhala pansi, ndipo ndi iye amene anaseka kwambiri njuchi zitatuluka.

M'katimo munali mdima wofunda. Chipepala chija chinkandimata kumsana ndi thukuta. Ndinali ndi kachiboo kamodzi pakona yong'alukayo, pamene ndinkaonera mapazi a anthu okhala kutsogolo. Amalume akamenya chikopa katatu ndi kunena ndi mawu awo okhuthala kuti, "Imba, ng'oma yanga," ine ndinkayamba:

Ndinabwerera mkanda, mkanda wa amayi,
madzi anandiona, koma sananene.

Ndipo bwalo lonse linkangoti zii. Kukhala chete kumeneko ndinkakukonda kuposa chakudya.

Komabe mtima sunkakhala m'malo. Tikafika pamalo ndinkafuna tichoke, tikachoka ndinkafuna kwathu. Tinkagona m'makalasi, pamikeka yobwereka, n'kumadya zimene atipatsa: pena kalongonda, pena mbatata, pena nzimbe zokha. Mnyamata mmodzi wa njuchi analira mpaka anamubweza kwawo pa lole ya nkhuni, tinatsala ndi njuchi ziwiri. Atsikana ogwira mtsinje anasiya kulankhulana. Amalume nawo anali odabwitsa. Masiku oyamba ankati tisafulumire, tigonenso pano, ana atopa. Aliyense wodutsa kuchokera mbali ya kwathu ankamukokera pambali n'kumufunsa zinthu motsitsa mawu. Kenaka m'mawa wina, atacheza ndi munthu wa njinga, anasintha. Anatidzutsa kukali nkhungu, nasenza bokosi, natiyendetsa m'zitunda zija osapuma. Aphunzitsi, amene nthawi zonse ankatsutsa chilichonse, anangonyamula katundu wawo n'kutsatira.

Sewero lomaliza linali ku Nsabwe, pabwalo la tchalitchi chofolera ndi udzu. Ndili m'bokosi, ndinaika diso pakachiboo monga mwa masiku onse. Pakati pa mapazi achilendo ndinaona mapazi awiri odziwika, oyera ndi fumbi la ulendo wautali, chala chachikulu chakumanzere chopanda chikhadabo. Khasu linachichotsa ine ndikuona.

Amalume anamenya chikopa katatu.

"Imba, ng'oma yanga."

Nyimbo inali itandithawa. Anthu anayamba kuseka, poganiza kuti ndi mmene sewero limayendera. Amalume anawerama ngati akukonza chingwe, nanong'oneza m'mawu awo enieni, osati a chimphona: "Imba, mwanawe. Amayi ako ayenda mtunda wautali."

Ndinaimba mokweza kuposa kale lonse, mpaka kukhosi kunawawa. Mtsikana wamkulu amene ankakhala mayi wa m'sewero atanditulutsa, sindinadikire kuti njuchi zimalize ntchito yawo. Ndinathamanga kudutsa pakati pa anthu n'kukagwera pamiyendo ya amayi. Anandigwira kumutu, nandichotsa kachidutswa ka chipepala m'tsitsi. Anangoti, "Waonda."

Masana omwewo anzanga anayamba kumanga katundu wobwerera. Ndinapita kukatenga nsalu yanga kuti ndilowe pamzere, koma aphunzitsi anandiimitsa. Anandipatsa moni wa dzanja ngati munthu wamkulu, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Kunonso sukulu iliko. Usakasiye."

Ndinawayang'ana akutsika chitunda, mpaka chiperoni chinawameza.

Lero ndikudziwa mmene zinthu zinkayendera pa esiteti masiku amenewo. Nyumba yopanda mwamuna wogwira thangata, ntchito yolipirira malo okhalapo, inkakhala pa chifundo cha eni malo, ndipo chifundocho chikatha, ankabwera anthu ndi zingwe ndi nkhwangwa, ana akuonerera. Ndikudziwa zimene amalume anakapempha kuseri kwa sukulu, ndi chifukwa chake ulendo wathu unathera kumene unathera. Munthu wosadziwa kuseka uja analola kugendedwa ndi makoko a nthochi mudzi ndi mudzi kuti ine ndisaone denga lathu likugwa. Sindinawathokoze. Anamwalira ndisanazindikire.

Koma tsiku limenelo ndinatsatira amayi kunyumba kwa amalume ndikudumphadumpha, ndikuwafotokozera za mkulu wa ku Mphuka ndi za njuchi imene anaibweza kwawo. Titafika pabwalo ndinaona miphika yathu, mtondo wathu, thumba la makaka aja. Ndipo pamtengo wa mango panali patatsamira chitseko cha nyumba yathu, ndi zizindikiro zanga zamakala zimene ndinkalembapo pophunzira afabeti.

Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinafunsa amayi kuti kodi munthu wobwera kudzaonera sewero amasenza ndi chitseko chomwe? Nanga kunyumba atseka ndi chiyani, mbuzi za eni sizilowa?

"Sizilowa," anatero amayi, akumasula mtolo wa mikeka.

Ndinakhutira ndi yankho limenelo, ndipo ndinapita kukafunafuna ana oti ndiwaphunzitse nyimbo yanga tisanabwerere kwathu.