Bogi Yamatabwa Yakumapeto

Dzulo ku Al Asmakh, dera lakale la mzinda wakunja uno, tinadutsa chitseko chakale chamatabwa, dzuwa litachiwamba mpaka kununkha mafuta. Ndinafinya dzanja la mdzukulu wanga.

"Agogo, mukundipweteka! Metro siyitithawa."

Sitima iliyonse imathawa, mwanawe. Za kuno ndiye zilibe ndi galadi yemwe.

Fungo limenelo ndi la bogi yakumapeto ya sitima yakwathu, kanyumba kamatabwa ka galadi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Pa Balaka mayi anandituma madzi pampopi, atandichenjeza kuti mlendo asandikhudze. Botolo lisanadzaze, sitima inayamba kuyenda. Ndinathamanga, mabogi akundipitirira, mpaka kunatsala yamatabwa ija.

Galadi anasiya mbendera, anawerama pamasitepe n'kundinyamula ndi diresi. Ine ndinawaluma pamkono.

"Iii! Kamwana aka n'kamano! Khala apo, mayi ako uwapeza kutsogoloku."

Sindinawakhulupirire. Ndinakhala pabokosi la nyali, maso pachitseko, palafini ndi matabwa otentha zikundinunkhira. Tiyi wawo ndinakana.

Sitima itaimanso, ndinamva mapazi akuthamanga pamiyala, ndi mawu a mayi akuitana dzina langa bogi ndi bogi, akuyandikira.