Wailesi ya Pachigafa

Aneba athu ku Mkanda, bambo achikulire olima fodya, sagwira ntchito wailesi ili chete. Amaikoloweka pamtanda wa chigafa, ndipo muulutsi akapereka moni iwo amayankha mwaulemu: "Tadzuka, kaya inu kumeneko." Ikayamba kukoka za ku Chipata saisintha, amati amenewonso ndi abale athu. Osankha fodya amakonda kugwira ganyu kwa iwo chifukwa cha nyimbozo.

Tsiku lina, mabelo akuyenera kunyamulidwa mawa lake, wailesi ija idafa. Manja a osankha adayamba kulemera, amayi awiri n'kumakamba zoweruka. Ine, wongofika kumene kuchokera ku Joni, ndidawapatsa bambowo foni yanga yodzaza nyimbo, n'kuwaveka timahedifoni m'makutu. Adagwedeza mutu pang'ono, kenako adawona anthu awo akungowayang'ana. Adazula tizingweto, n'kuika foniyo m'ndowa yachitsulo yopanda madzi. Nyimbo idamveka chigafa chonse, amayi aja n'kukhalanso pansi.

"Iwe Lonjezo," adatero akutola tsamba, "kumene udaliko anthu amamvera nyimbo mobisa chonchi? N'chifukwa chake wabwerako wowonda."