Madzi Anali a Injini

Dzulo minibasi yathu yochokera ku Chiparamba inawira panjira. Nditangomva fungo la madzi adzimbiri aja, n'kuona kondakitala akupita ndi kansanza kukatsegula radiyeta, ndinakuwa ngati wamisala: "Iwe, siya! Ukufuna kupsa?" Anthu anandiseka. Aseke, sanawaone atate anga.

Atate ankayendetsa lole ya thonje ya bwana wina wa m'tauni. Tsiku lina ndili mwana ananditenga, ndinakhala pakati pa iwo ndi bwanayo ndikudya nzimbe. Pachitunda injini inayamba kufuka nthunzi. Atate anati tidikire izizire, koma bwana anamenya chitseko: "A Zulu, thonje lidikire inu? Tsegulani muthire madzi!"

Anatsegula. Madzi owira anatumphuka, ndipo atate anayamba kudumphadumpha mumsewu akukupiza mkono. Ine ndinaseka, ndinkayesa akundivinira ngoma. Kenako ndinaona khungu likusendeka ngati la mbatata yophika.

Tinali ndi chigubu chodzaza madzi ozizira. Atate atachigwira, bwana anachilanda: "Awa ndi a injini." Anatenga oilo wakuda n'kuwapaka pabalapo, akuti ndiwo mankhwala a madalaivala. Atate anayendetsa ndi dzanja limodzi mpaka kukatsitsa thonje, kuchipatala tinafika dzuwa litapendeka. Namwino atawakalipira chifukwa cha oiloyo, atate anangoti, "Pepani, mayi."

Zala zawo zitatu sizinawongokenso mpaka tinawaika m'manda. Ndamera imvi, koma sindinakhululuke: tsiku lija anaziziritsa lole, munthu n'kumusiya akupsa.