Chitenje Chimene Mwana Wanga Akusunga

Amene anandiuza ndi alamu anga, alongo a amuna anga. Atabwerako kuchipatala ndi mwana wanga, anandipeza kumunda ndikukolola, nakhala pachulu, n'kunena kuti, "Mulamu, chotupa achichotsa. Komanso tamutseketsa kuti asabereke. Mupumule."

Mwana wanga wamkazi ndi wamkulu ndithu, anzake ali ndi ana atatuatatu. Anachedwa kuyenda, anachedwa kulankhula, sukulu inamukanika. Koma amaphika, amachapa, ndipo ana a anansi akalira amathamangira kumsana kwake. Ndimayamika Mulungu pondipatsa iyeyu. Kuyambira ali wamng'ono, tikapita kukiliniki ba nesi ankafunsa ine, ine n'kumayankha. Akayamba kufotokoza yekha ndinkamugwira bondo, poti mzere unali wautali. Tonse tinazolowera choncho.

Atatitumiza kuchipatala china ku Lusaka chifukwa cha chotupa cha m'mimba, chimanga chinali chidakali kumunda, ndipo anyani sadikira munthu. Alamu anadzipereka kupita naye, Mulungu awadalitse. Ndinawaperekeza kumsewu waukulu, ndipo minibasi itaima ndinapatsa alamu khadi lakuchipatala la mwanayo n'kunena, "Muzimuyankhira, amachedwa." Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga pano.

Alamu akuti nkhani yotseka itabwera, mwanayo anati, "Ine nifuna mwana wanga." Anthu anaseka. Alamu anasaina pepala lovomera. Sindiwada ayi. Ankaopa zimene amuna ena amachitira atsikana otere, zomwe nanenso ndimaopa. Koma palibe amene anamufotokozera kapena kumufunsa kachiwiri.

Ndinapita kukiliniki kwathu kukafunsa ngati angamutsegulenso. Ba nesi anawerenga pepala lochokera ku Lusaka nthawi yaitali, nati sizibwereranso. Kenaka anandifunsa, "Nanga mwiniwake anavomera?" Mwiniwake! Zaka zonsezi ine sindinamutchulepo choncho.

Mpaka lero iye sadziwa. Akuganiza kuti anangochotsa chotupa. M'sutikesi mwake muli chitenje chatsopano chimene sanachivalepo. Lamlungu tikachoka kutchalitchi amachitulutsa, kuchikutumula, n'kuchipindanso. "Amama, musagwire, ni chopapira mwana wanga kumsana." Ndayesa katatu kumuuza, koma ndalephera. Ndikamuuza adzafunsa amene anavomera, ndipo yankho lidzafika pa ine. Ndikakhala chete, ndiye kuti ndikumuyankhirabe.

Ndapemphera, koma njira sindikuiona. Inu amene mwawerenga, mukagwada mutikumbukireko: mwana wanga, alamu anga, ndi ine amake.